Foni Imodzi, Pakamwa Pambiri

Mwezi uno tiyamba ndi nkhani yochititsa manyazi, ndipo tikupemphani kuti musatifunse mudzi umene inachitikira, pakuti eni ake akali moyo ndipo timakumana nawo kuchigayo. Kunagwa maliro kuno kwa Kambombo, m'boma la Chama, m'nyengo ya dzinja. Pakati pa usiku, amayi a kwaya atatopa, mnyamata wina wa pabanjapo analumikiza foni yake ku sipika yaikulu ya batire, ija imalandira mawu pa Bluetooth popanda waya, kuti nyimbo zachitonthozo zipitirire oimba akupuma. Palibe amene anaona cholakwa. Ngakhale ife amene tinapemphedwa kutsogolera mapemphero tinayamikira nzeru za mwanayo.

Patapita kanthawi, pafoni paja panafika uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kuchokera kwa azakhali ake a ku Lusaka. Mnyamatayo, pokhala woleredwa bwino, anadzuka mwakachetechete, napita kuseri kwa nkhokwe kuti akamvere yekha. Atangodina, nyimbo inaduka pasiwa paja, ndipo m'malo mwake munamveka liwu la azakhali aja, lokwezeka ngati la mlaliki wa pamsika, likulangiza kuti malata ndi njinga ya malemu zibisidwe msanga mkazi wamasiye asanaziwerengere abale ake. Anthu oposa makumi asanu anamva mawu onse mpaka kumapeto, pamene mnyamatayo, ali kuseri kuja, ankagwedeza foni podabwa kuti bwanji sikulankhula. Mayi wamasiye sananene kanthu. Anangofunda chitenje kumutu. Madzi akatayika saoleka: mpaka lero mabanja awiriwo sagawana moto.

Tisaname, malangizo a azakhaliwo anali oipa mwa iwo okha, ndipo lamulo la Zambia la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira wopanda wilo limapereka gawo lake kwa mkazi wamasiye ndi gawo lalikulu koposa kwa ana. Imeneyo ndi nkhani ya mwezi wina. Chimene chatikhalitsa pansi lero ndi funso limene mkulu wina anatifunsa m'mawa mwake tikuchokera kumanda: "Kodi aphunzitsi, chinthu chimenechi sichingauzidwe kuti nyimbo ziyankhulire pabwalo, koma za m'nyumba zitsale m'nyumba?" Tinalibe yankho tsiku limenelo. Lero tili nalo, ngakhale kuti tinalipeza titapsa kaye ife eni.

Ife a msinkhu uno tinakula ndi wailesi ya pakamwa pamodzi. Makolo athu ankasimba za kawailesi kotchedwa Saucepan Special, kamene kampani ya Ever Ready inapanga ndi kuyamba kugulitsa m'dziko lino mu 1949, dzikoli likutchedwabe Northern Rhodesia. Kanali kozungulira ngati sefuliya ndipo kankagulidwa mapaundi asanu. Ngakhale mawailesi amene ife tinawapeza, aja tinkayanika mabatire ake padzuwa kuti nkhani za madzulo zisatipite, anali ndi kokwezera mawu kamodzi kokha. Ukapotokola kumanja mawu akwera, ukapotokola kumanzere atsika, nkhani yatha. Zinali zokwanira chifukwa wailesi inkalankhula chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chilichonse chimene inkalankhula chinali cha anthu onse.

Foni ya masiku ano ndi kompyuta sizili choncho ayi. M'kati mwake muli mapulogalamu ambiri, ndipo iliyonse ili ndi pakamwa pake: ina ikuimba nyimbo, ina ikuliza belu la woimba foni, ina ikulengeza kuti ndalama za Airtel kapena MTN zalowa, ina ndi masewera a mdzukulu, ina ndi alamu yotidzutsa kupita kudimba. Tsono ife tatenga chizolowezi cha wailesi ija nkubwera nacho pa chipangizo cha pakamwa pambiri. Phokoso likatikwana timatsitsa zonse. Tikafuna kumva timakweza zonse. Apa ndi pamene pagona vuto.

Umboni wake ndi ife tomwe. Chaka chatha, mpunga utayamba kucha, tinatopa ndi kulira kwa foni usiku. Tili m'magulu angapo a pa WhatsApp, ndipo muli abale ena amene tulo sawadziwa: amatumiza zithunzi za maluwa ndi mafuno abwino ngakhale tambala asanalire. Usiku wina, mokwiya, tinadina kabatani ka m'mbali mpaka foni inakhala duu, nkugona mtima uli m'malo. Usiku womwewo njovu zinalowa m'munda. Amene mukukhala kutali ndi chigwa cha Luangwa mwina simudziwa kuti mbali yaikulu ya boma lino ili m'dera losungirako nyama la Musalangu, ndipo njovu ndi anansi athu osaitanidwa. Mlamu wathu, amene ankagona pamsasa kulondera, anatiimbira kasanu ndi kawiri kuti tidzutse anyamata abwere ndi zitini, miyuni ndi tsabola wofukiza. Foni inkangowala pamphasa ngati chiphaniphani. Pamene kunkacha, mpunga umene tinkayembekeza kulipirira mwana sukulu unali utasanduka bwalo. Amayi a kunyumba sanatikalipire, anangofunsa mofatsa kuti, "Kodi bambo, amene munkamuletsa kulankhula ndi wa maluwa uja kapena achimwene anga?" Funso limenelo linatipweteka kuposa njovu.

Amene anatitsegula maso ndi mwana wa mlongo wathu, mphunzitsi wa sekondale amene amaphunzitsa za makompyuta, phunziro limene ana a Giredi 9 m'dziko lino analilembera mayeso koyamba mu 2015. Atabwera patchuthi ndi laputopu yake, tinamusimbira nkhani ziwiri zija. Sanaseke, ndipo tinamulemekeza chifukwa cha ichi. Anatikhazika pakhonde nati, "Amalume, bwerani muone kumene mawu amasanganizirana."

Kufotokoza kwake kunali kotere, ndipo tikhulupirira kuti takugwira bwino. M'kati mwa kompyuta mulibe nyimbo monga khutu limaimvera. Muli manambala okhaokha. Mawu amayezedwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ka 44,100 pa nyimbo za pa CD, kapena ka 48,000 monga makompyuta ambiri amachitira, ndipo muyezo uliwonse ndi nambala. Pulogalamu iliyonse imene ikufuna kumveka imatumiza mndandanda wake wa manambala kwa kapitawo wa kompyutayo, amene pa makina ambiri ndi Windows. Kapitawoyo amaphatikiza mindandanda yonse kukhala umodzi, nautumiza ku sipika. Kutsitsa mawu ndiko kungochepetsa manambalawo. Funso lonse ndi lakuti: kodi tikuchepetsa tisanaphatikize, kapena titaphatikiza kale?

Apa ife tinakumbukira ufa wa pamaliro. Mayi aliyense amabwera ndi kambale kake, wina ka ufa woyera, wina ka mgaiwa, wina ka mapira. Ufawo ukali m'timbale, wolandira angathe kunena kuti uwu thirani wonse, uwu theka, uwu sungani padera ngwa phala la odwala. Koma ukangothiridwa m'dengu limodzi, palibe mayi waluso amene angaupatulenso. Chimene chatsala ndi kungotapa wambiri kapena wochepa. Kabatani ka voliyumu kamene tonse timakadziwa kamatapa m'dengu. Chimene mphunzitsi uja anationetsa chimagwira ntchito pa timbale.

Pa kompyuta ya Windows chinthuchi chimatchedwa Volume mixer. Pansi pa sikirini, kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi, pali kachithunzi ka sipika. Ukakadina ndi batani lakumanja la mawusi nkusankha dzina limeneli, pamatuluka mapulogalamu amene ali otsegula ndipo akutulutsa mawu, iliyonse ndi kokwezera kake. Ungathe kusiya phunziro la pa kanema lili pamwamba, nyimbo uzitsitse zikhale chapansipansi, ndipo timabelu ta kompyuta yeniyeniyo utitseke pakamwa kotheratu. Sichinthu chatsopano. Kampani ya Microsoft inachiika mu Windows Vista, imene inafika m'masitolo mu Januwale 2007. Windows XP ya m'mbuyo mwake inali ndi zokwezera za mitundu ya mawu, osati za pulogalamu iliyonse payokha. Tikati tiwerenge, ndiye kuti chitseko chimenechi chakhala chilipo zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo ambiri amene amagwira makompyuta m'maofesi a pa boma sanachikankhepo.

Koma chimene chimayankha funso la mkulu uja chinabwera pambuyo pake. Mu 2018, Windows 10 inalandira malo osankhira osati kukula kwa mawu kokha, komanso khomo limene mawu a pulogalamu iliyonse atulukire. Mu Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, malowa ali pansi pa Settings, kenaka System, kenaka Sound, nkufika pa Volume mixer yemweyo. Pamenepo ungalamule kuti pulogalamu ya nyimbo ilankhulire mu sipika ya pabwalo, pamene ina iliyonse ilankhulire m'mahedifoni ako okha. Mphunzitsiyo anati amachita zimenezi m'kalasi: kanema wa phunziro amamveka kwa ana onse, koma uthenga wa kunyumba ukafika sulowa m'makutu a ana makumi asanu ndi limodzi. Anationetsanso kuti Windows, kuyambira pa Windows 7 ya mu 2009, ikazindikira kuti munthu akulankhula ndi mnzake pa kompyuta, imatsitsa yokha mawu ena onse ndi magawo 80 pa 100, ndipo amene sakufuna angathe kuiletsa. Tinaseka, poona kuti makina aphunzira mwambo umene ana athu ena auiwala, wakuti mkulu akayamba kulankhula ena amatsitsa mawu.

Za makompyuta ena tingodutsamo mwachangu, poti kuno ndi osowa. Amene amayendera Linux akhala ndi luso limeneli kwa zaka zambiri kudzera m'pulogalamu yotchedwa PulseAudio, ndipo tsopano ambiri asamukira ku ina yotchedwa PipeWire. Pa makompyuta a Apple anthu akhala akuwonjezera pulogalamu yapadera, monga SoundSource, kuti achite zomwezi. Ndipo amene amatsegula masamba ambiri a pa intaneti mu Chrome adziwe kuti tsamba limene likusokosera limaonetsa kasipika pamutu pake, ndipo ungathe kulitseka pakamwa lokhalo, ena nkumapitiriza.

Komatu tinamuuza mwana wa mlongo wathuyo kuti kwa Kambombo malaputopu tingawawerenge ndi zala, pamene foni ili m'thumba la pafupifupi banja lililonse, yotchajidwa pa kasola ka padenga. Nanga ife a Tecno ndi Itel titani? Apa ndi pamene anatichititsa manyazi mwaulemu. Anatenga foni yathu yomwe ija, nadina kabatani ka m'mbali kamodzi, kenaka nakhudza kachizindikiro kamene kanaoneka pambali pa kokwezera. Panatuluka zokwezera zingapo zimene ife sitinazionepo chigulire foniyo: china cha nyimbo ndi makanema, china cha belu la woimba, china cha alamu. Mafoni a Android amasiyanitsa mitundu imeneyi kuyambira kale. Kunena kwina, usiku uja tikanatha kusiya belu lili pamwamba. Ndipo gulu la maluwa lija lili ndi pakamwa pakepake: ukalitsegula mu WhatsApp nkusankha Mute, umaliletsa kulira kwa maola 8, kwa sabata imodzi, kapena mpaka kalekale, mauthenga nkumafikabe mwakachetechete kuti uwawerenge kukacha, eni ake osadziwa nkomwe kuti wawatseka pakamwa.

Palinso china chimene tikufuna kuti mabanja a m'midzi achisamale koposa zonse, chotchedwa Do Not Disturb. Chimenechi chimagoneka foni yonse, koma chimakulola kusankha anthu amene angakudzutse. Umaika kanyenyezi pa maina awo m'buku la manambala, ndipo iwo okha akaimba belu limalira. Chilinso ndi lamulo lakuti munthu aliyense akaimba kachiwiri pasanathe mphindi 15, foni imulole, poganiza kuti wobwereza msanga chotero ali pamavuto. Mlamu wathu anaimba kasanu ndi kawiri. Kuimba kwachiwiri kukanatidzutsa. Taganizirani za mayi woyembekezera amene ali kuchidikiro, za mwana amene ali kusukulu yogonera ku Lundazi kapena ku Chipata, za agogo amene amagona okha. Kutseka foni yonse chifukwa cha phokoso la anthu osagona ndiko kutsekera panja anthu amenewa.

Tibwerere kumaliro kuja, chifukwa kumeneko nkhani ndi yovutirapo. Foni ikalumikizidwa ku sipika, imaona nyimbo ndi uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ngati zinthu za mtundu umodzi, ndipo zonse imazitumiza khomo limodzi. Mphamvu ya Bluetooth imafika mamita pafupifupi khumi, nthawi zina kuposerapo, choncho kuseri kwa nkhokwe sikutali konse. Pa foni yosalumikizidwa, ukaika foni kukhutu uthenga ukuyamba, WhatsApp imautsitsira ku kasipika kakang'ono ka kukhutu kuti umve wekha; mnyamata uja ankadalira zimenezi, osadziwa kuti sipika ya pasiwa inali itagwira kale mawu onse. Mafoni ambiri a Samsung, kuyambira pa Galaxy S8 ya mu 2017, ali ndi malo otchedwa Separate app sound, pamene umasankha pulogalamu imodzi kuti ndiyo yokha ipite ku sipika, zina zonse zitsale m'foni. Amene ali nayo aigwiritse ntchito. Koma mafoni ambiri otsika mtengo alibe zimenezi, ndipo sitikuuza munthu kuti agulitse matumba a mpunga chifukwa cha kabatani kamodzi.

Njira ya kumudzi ilipo, ndipo kwa ife ndiyo yoposa. Masipika ambiri ogulidwa pamsika ali ndi kabowo kolowetsamo fulashi kapena memori khadi. Nyimbo za pamaliro, za paukwati kapena za pamsonkhano ziikidwe m'menemo, sipika iziimba yokha, foni ikhale m'thumba la mwini wake. Ngati palibe kuchitira mwina koma kulumikiza foni, mwini wake adziwe kuti kwa maola amenewo foniyo si yake, ndi ya gulu: asatsegule uthenga uliwonse asanazimitse Bluetooth, ndipo ngati nyimbo zili kale m'foni azimitse intaneti kuti mauthenga adikire. Komiti ya maliro imasankha wogawa nkhuni ndi wosunga chipepeso. Isankhenso munthu wamkulu maganizo woyang'anira sipika, osangoisiyira mwana aliyense amene foni yake ili ndi moto.

Tikamaganizira bwino, makolo athu ankadziwa kusiyanitsa mawu kuposa makina onsewa. Pa mwambo wa Kwenje, umene Asenga amasonkhanira chaka ndi chaka kwa Mfumu Yaikulu Kambombo, ng'oma ndi mawu a pabwalo amayenera kufika kwa munthu wa kumapeto kwenikweni. Koma malangizo a namwali ankaperekedwa m'nyumba yotseka, mlandu wa banja unkayambira kwa ankhoswe anthu atagona, ndipo uthenga wa imfa sunkafuulidwa panjira. Wotumidwa ankakhala pansi kaye, napempha madzi. Liwu lililonse linali ndi malo ake ndi muyezo wake. Chimene chatisokoneza nchakuti mawu onsewa tsopano akudzera m'kabokosi kamodzi, ndipo kabokosiko sikadziwa mwambo pokhapokha mwini wake atakaphunzitsa.

Chenjezo limodzi tisalisiye, pakuti walira mvula walira matope. Titaphunzira kutumiza mawu m'mahedifoni, tisaganize kuti tathetsa zonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza mu 2015 kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa ngozi yowononga makutu awo chifukwa chomvera mawu okwezeka. Muyezo umene bungweli limapereka ngwakuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana asapitirire 75. Mawu akangokwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Tinthu tating'onoting'ono ta m'kati mwa khutu timene timalandira mawu tikafa sitimeranso. Ife tilibe choyezera madesibelo, koma tili ndi muyezo wa pakhomo: ngati mayi aitana mwana ali pa mtunda wa mkono umodzi ndipo mwanayo sakumva, kapena ngati nyimbo ya m'mahedifoni mwake ikumveka kwa amene wakhala naye pafupi, yakwera mopitirira. Ndipo tinene mosabisa kuti sitikondwera kuona mwana akudya nsima ndi makolo ake makutu atatseka. Mahedifoni ngothandiza pamene wina akuwerenga ndipo wina akufuna nyimbo m'nyumba ya chipinda chimodzi. Pamphasa ya chakudya alibe malo.

Mwana wa mlongo wathu asanabwerere kusukulu yake, tinakhala naye madzulo amodzi ndi mafoni onse a pakhomo pano, atatu. Magulu anayi tinawatseka pakamwa mpaka kalekale, ndipo tikupepesa kwa abale a maluwa ngati akuwerenga tsamba lino. Zithunzi zanu timazionabe tikamamwa tiyi. Belu tinalikweza mpaka pamapeto, masewera a adzukulu tinawatsitsa. Pofika poika tinyenyezi panabuka kamkangano, chifukwa ife tinkafuna maina asanu okha, koma amayi a kunyumba anawerenga khumi ndi awiri, kuphatikizapo mzamba wopuma ntchito wa mudzi woyandikana nafe ndi mnyamata wa njinga yamoto amene amanyamula odwala usiku. Anapambana ndi iwo. Dzina loyamba kulandira kanyenyezi linali la mlamu wathu, amene chaka chino wamanganso msasa wake pamalo pomwe paja, m'mphepete mwa munda.